Mlongoti wa a Harawa, Mbiri ya NyaMsiska

"Kuchokera pa Bolero pano mpaka kumene dera la Nkhamanga lathera, palibe chithunzi, palibe moni, palibe ngakhale bodza limene limalowa m'foni ya munthu lisanagwade pa mlongoti wanga," anatero a Collen Harawa ali pa bawo kuseri kwa msika, dzanja lili m'mwamba kuloza chitsulo chawo chachitalicho. "Ndipo aliyense womwa pa mlongoti umenewu amakhuta. Tsiku limene mudzapeze intaneti yanga ikukwawa, ndidzakwera ndekha n'kutsitsa dishi ija kuti abakha a anyina Diana azimweramo madzi."

Anthu anaseka, ngakhale sikanali koyamba kumva mawuwa. A Harawa ankawanena pa bawo, pa maliro, ngakhale pa khomo la tchalitchi mapemphero atatha. Abakhawo anali a akazi awo, Lois, amene aliyense ankawatcha anyina Diana, ndipo ankamwera m'tayala lakale lodulidwa pakati. Za dishi anangolonjezedwa.

Kunena chilungamo, sikuti bamboyu ankadzitama pa mphepo. Mlongotiwo unalipodi, mamita makumi awiri, utazikidwa pa chulu kuseri kwa nyumba yawo, ndipo unadya fodya wa zaka zitatu. Pamwamba pake panali dishi yoyera yoyang'ana ku boma la Rumphi, kumene kampani ina inkawatumizira intaneti kudzera mumlengalenga. Ikafika pa mlongotipo inkatsikira m'kabokosi ka timagetsi tophethira, kamene kankaigawa, ina ku shopu yawo, ina kwa anthu ooda. Intaneti imagulidwa ngati shuga wa pa holoselo, ukatenga wambiri mtengo umatsika. A Harawa anatenga yambiri kuposa imene shopu yawo ikanatha kugulitsa, motero yotsalayo ankapikulitsa kwa Owen, mwini nyumba yoonetsera mpira, ndi kwa mlamu wawo Dorica, mng'ono wake wa Lois, amene pa Bolero ankadziwika kuti NyaMsiska.

Dorica anayamba ndi kugwira ntchito m'shopu ya alamu akewo, kudula mavocha, timapepala ta manambala olowera pa intaneti. Atasunga kangachepe anachita lendi kachipinda pafupi ndi siteji ya maminibasi, n'kupempha kuti azioda. A Harawa anavomera akusekerera. Anauza anzawo a pa bawo kuti mtsikanayo abwerera miyezi itatu isanathe, chifukwa intaneti si zitumbuwa.

Miyezi itatu inatha, chaka chinatha, Dorica osabwerera. Iye anaika mabenchi awiri pansi pa chisakasa, ndowa ya madzi akumwa ndi potchajira mafoni. Ankagulitsa ngakhale vocha ya theka la ola. Okalamba ofuna kuona nkhope ya mwana wawo wa ku Joni ankawagwirira foni yekha n'kuwauza poyang'ana. Alimi ofuna kudziwa mmene mabelo awo a fodya ayendera ku okushoni ku Mzuzu ankawawerengera pang'onopang'ono m'Chitumbuka, osawafunsa kuti sukulu analekezera pati. Kwa a Harawa zinali zina. Vocha yaing'ono kwambiri inali ya tsiku lathunthu, pa benchi panali chikwangwani choti wosagula asakhalepo, ndipo munthu asanalandire kapepala kake ankayenera kumva kaye mbiri yonse ya mlongoti, kuyambira pa dzenje mpaka kunsonga.

Tsono Dorica akamagulitsa kwambiri ankaodanso kwambiri, ndipo thumba limene linkatupa linali la alamu ake omwewo. Koma nsanje siyang'ana m'thumba mwake, imayang'ana pa khomo la mnzake. Chimene chinkawadya a Harawa chinali dzina. Anthu anayamba kunena kuti intaneti ya kwa NyaMsiska ndi yothamanga chomene. Ena ankachita kulumbira kuti ndi ya mtundu wina, yochokera ku Tanzania.

Tsiku lina mkulu wina wa kumidzi anaimika njinga pa khomo penipeni pa shopu ya a Harawa, anavula chipewa, n'kufunsa mwaulemu njira ya kwa NyaMsiska wa intaneti. Atalozeredwa ndi mlomo, mkuluyo anathokoza kuti yewo, n'kuwonjezera mwa chinsinsi kuti wamva zoti ya kwina konseko ndi yachabechabe. Lamlungu lotsatira, pa zolengeza, mlembi wa mpingo anathokoza Dorica chifukwa choonetsa ukwati wa dzulo lake kwa abale a kunja kwa dziko, mpingo wonse n'kuomba m'manja. A Harawa anaomba nawo, koma ndi zala ziwiri zokha.

Munthu wotupa mtima sasowa dokotala. Dokotala wa a Harawa anali Hezron, mnzawo wa pa bawo, amene anagwirapo ntchito miyezi inayi pa malo ena a makompyuta ku Mzuzu, ndipo chibwerereni ankayenda ndi kasikuludiraiva m'thumba la malaya ngati mmene aphunzitsi amayendera ndi cholembera. Hezron anamvetsera dandaulo lonse akugwedeza mutu ngati munthu amene anaziona kale ku tauni.

"Mwini chitsime ndinu, adada," anatero. "Mukwezereni mtengo wa kuoda kuti upose umene inuyo mumagulitsira pa windo panu. Akakweza mavocha ake, anthu athawira kwa inu. Akapanda kukweza, adya mpamba wake. Kulikonse kumene angalowere mwamugwira."

A Harawa anafika kunyumba akuimba mluzu, ndipo poti nzeru yabwino siikhala m'mimba, anaifotokoza kwa akazi awo ngati yawoyawo. Anyina Diana ankatongola chimanga, ndipo sanadzutse mutu. Anangofunsa ngati mwini chigayo amakwiyira mayi wa zitumbuwa chifukwa choti zitumbuwa zake zatchuka, pamene ufa wake wagayidwa pa chigayo chomwecho. Anati ngati akufuna anthu, achotse chikwangwani pa benchi, adule mavocha ang'onoang'ono, ndipo mbiri ya mlongoti aziifotokoza Lamlungu lokha. Amuna awowo anayankha kuti nkhani za mumlengalenga n'zakuya, ndipo aliyense ayang'ane mbali yake, iwo mlongoti, mayiwo abakha.

Mwezi utatha Dorica anabwera ndi pepala la mtengo watsopano m'manja. Anapereka moni bwinobwino, anafunsa za Diana kusukulu, kenako anakhala pa benchi ya chikwangwani ija osagula kanthu.

"Alamu, mtengo umene mwandilembera ukuposa umene mukugulitsira mwana wa sukulu pa windo apa. Ndiye ine ndigulitse bwanji?"

"Bizinesi ndi mpikisano, mlamu. Ndimamvatu kuti yako imachokera ku Tanzania. Kaode komweko."

"Mpikisano sindiukana. Ikani mabenchi anayi, ine ndiike asanu, anthu asankhe okha. Koma uku n'kundimanga miyendo kenako n'kuliza wezulo."

A Harawa anati wezulo yalira kale. Dorica anapinda pepala lake n'kutsanzika.

Shopu sanatseke. Phindu la mavocha linatsala la sopo basi, koma anagula makina ojambulira mapepala, anayamba kulembera anthu makalata a ntchito, ndipo mabenchi anakhalabe odzaza. A Harawa akamadutsa pa siteji ankayang'ana kumbali ngati akuwerenga maminibasi, koma diso limodzi linkawerenga mitu pansi pa chisakasa. Tsiku la msika anawerenga mitu khumi ndi isanu ndi iwiri. Kwawo kunali mitu itatu, ndipo umodzi unali wa Hezron.

Apa dokotala uja anatulutsa mankhwala achiwiri. Anatsegula laputopu ya a Harawa n'kuwaonetsa kuti kabokosi kaja kali ndi pochepetsera, ngati mpopi wa madzi. Aliyense wooda ali ndi mzere wake, ndipo mwini kabokosi angathe kutsegula mzerewo kwambiri kapena kuufinya mpaka uzingodontha. Anawaonetsanso kuti mzere uliwonse angaupatse dzina limene akufuna. A Harawa anakonda kwambiri zimenezi. Anathera masana onse akusankha mayina, akuseka okha, ndipo la mzere wa mlamu wawo analisintha katatu asanakhutire.

Kuyambira pamenepo, tsiku la msika likafika, intaneti ya kwa NyaMsiska inkayamba kutsimphina. Sankaifinya kwambiri, ankangoitsina pang'ono kuti nkhope za ku Joni ziziuma pakati pa chiganizo. Dorica anaganiza kuti vuto ndi lake. Anakwera pa denga kukapukuta kadishi kake, anagula mawaya atsopano, anaitanitsa munthu kuchokera ku boma kudzaona, munthuyo osapeza kanthu. Atafunsa alamu ake, iwo anati mwina ndi mphepo ya ku Nyika.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera kalata. Kampani ina inkayala chingwe cha faiba m'mbali mwa msewu kuchokera ku boma, chingwe chimene chimanyamula intaneti yochuluka kuposa madishi zana. Aliyense anadziwa kuti chikafika, intaneti ya mumlengalenga idzakhala ngati ngolo pa msewu wa phula. Kalatayo inati kampaniyo sikufuna kumanga mlongoti wina ngati wabwino ulipo kale. Ikufuna kupangana ndi mwini mlongoti mmodzi pa Bolero kuti chingwe chithere pamenepo, iye azigawira masukulu, chipatala ndi onse ogulitsa kwa zaka khumi. Injiniya adzabwera kudzaona, ndipo Lachinayi kudzakhala msonkhano mu holo ya mpingo.

A Harawa anaiwerenga kalatayo kanayi. Wosankhidwa adzadya zaka khumi. Wosiyidwa adzatsala ndi chitsulo chopumirapo akhwangwala. Koma mlongoti wooneka pa Bolero unali umodzi wokha, ndiye mantha achokere kuti? Anagula penti yofiira ndi yoyera, anapenta mpaka pamene makwerero analekezera, anachapitsa suti ya pa ukwati wawo, ndipo pa bawo anabwerezanso lonjezo lija la abakha, ulendo uno ataimirira. M'mutu mwawo injiniyayo ankamuona kale, bambo wonenepa wa chisoti choyera, wotsika m'galimoto ya kampani Lachinayi m'mawa n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

Lachiwiri, itangokwana 10 koloko m'mawa, Hezron anafika ku shopu akupuma mofulumira. Anati pa siteji patsika mayi wina wachilendo, wa nsapato zamasewera ndi chikwama chakumsana, ndipo walunjika kwa NyaMsiska. Wagula vocha, watsegula laputopu, akufunsa mafunso n'kumalemba m'kabuku. Hezron anamumva ndi makutu ake akulankhula Chingelezi pa foni, ndipo mawu oti mlongoti anatuluka kawiri.

A Harawa anadzambatuka pa mpando. Nkhani inaoneka yomveka. Mlamu wawo wayenda mobisa, wapeza anthu a bungwe kuti amumangire mlongoti wake, alande chingwe, alande zaka khumi, alandenso ndi dzina lotsala. Mtsikana amene iwo anamuphunzitsa kugwira sizasi.

"Tiyeni mlendoyo timuonetse liwiro la ku Tanzania," anatero.

Ulendo uno sanatsine. Anafinya mpaka pansi penipeni. Kenako, poti chinthu chokoma sichimvedwa ndi makutu, anakhoma loko pa shopu yawo n'kupita kukakhala kwa ometa tsitsi, kutsidya kwa msewu moyang'anana ndi chisakasa cha Dorica. Anauza wometa kuti asafulumire, ayambe ndi ndevu.

Zimene anaona zinawakoma ngati uchi. Anthu ankakweza mafoni m'mwamba, ankawagwedeza, ena ankawazimitsa n'kuwayatsanso. Dorica ankalowa ndi kutuluka, kugwira waya uyu, kugwira uyo, thukuta lili kamukamu. Kenako anayamba kubweza ndalama za anthu mmodzimmodzi akupepesa. Mlendo uja sanasunthe. Ankayang'ana pa wotchi, kuyang'ana pa laputopu, n'kulemba m'kabuku.

Pa benchi panalinso Nelly, mtsikana wa kumpingo kwawo amene anakhoza bwino Folomu 4 ndipo ankatumiza mapepala ake ku sukulu ya unamwino. Tsiku lomaliza kulandira linali lomwelo, 12 koloko masana. Setifiketi yake inakwera kufika pakati n'kuima, kachizindikiro kakungozungulira. Anadikira theka la ola. Dorica mwiniyo ndi amene anamuuza kuti athamangire kwa alamu ake, mwina kumeneko ikuyenda. Nelly anathamangadi, ndipo anthu ena asanu anamutsatira. Anapeza loko. Anagogoda, anaitana, anazungulira kuseri, anapeza abakha okha. Mwini shopu anali kutsidya, sopo ali kumaso, akuonerera kugwa kwa mdani. Mtsikanayo anabwereka ndalama ya njinga yamoto kupita ku boma, ndipo anafika nthawi itadutsa ndi mphindi makumi awiri.

Cha m'ma 2 koloko, mlendo atakwera minibasi, a Harawa anabwerera n'kutsegulanso mpopi uja, zonse n'kubwerera mwakale. Anyina Diana anawauza kuti mayi ake a Nelly anabwera akulira, chaka chonse cha mwana chapita. A Harawa anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti zipangizo zotchipa ndi mmene zimachitira, anamuchenjeza kale mlamu wawo. Anyina Diana anawayang'ana, kenako anayang'ana ndevu zometedwa bwinozo.

Lachinayi holo inadzaza. Kunali aphunzitsi aakulu a masukulu ozungulira, mkulu wa pa chipatala, amalonda, Owen wa mpira, Dorica, ndi anthu ambiri ongofuna kuona chingwe. Anyina Diana anakhala mzere wachitatu ndi amayi anzawo. A Harawa analowa mochedwa dala, suti ili thi, laputopu ili m'khwapa, Hezron ali pambuyo. Anayang'ana kutsogolo kufuna bambo wa chisoti choyera. Pa tebulo panali mayi wa nsapato zamasewera, kabuku kali patsogolo pake. Wapampando anati awa ndi mayi Annette Chavula, injiniya wa kampani. A Harawa anafunafuna mpando n'kukhala pansi.

Mayi Chavula analankhula mosakweza mawu, Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka apo ndi apo kuti okalamba amve.

"Chingwe chimene tikubweretsa chili ngati msewu," anatero. "Palibe amene angayale msewu wakewake kuchokera ku boma kufika kuno. Ndi wodula, ndipo umodzi ukutikwanira tonse. Koma pa msewu umodziwo payenera kuyenda maminibasi ambiri kuti okwera azisankha, chifukwa minibasi ikakhala imodzi kondakitala amasanduka bwana. Vuto limabwera mwini msewu akakhalanso ndi minibasi yake. Amayamba kukumba maenje kutsogolo kwa anzake."

Kenako anafotokoza zimene kampani ikufuna kwa mwini mlongoti. Aliyense wofuna kuoda aloledwe. Mtengo wa kuoda ukhale umodzi kwa onse, wolembedwa poyera, ndipo shopu ya mwini mlongoti iziodanso pa mtengo womwewo ngati mlendo. Liwiro limene munthu walipira alilandire lonse, tsiku la msika ndi tsiku wamba. Anati wopikulitsa wanzeru amasangalala ooda ake akamatchuka, pakuti vocha iliyonse yogulidwa kwa iwo yadutsa pa mlongoti wake. Mpikisano uzikhala pa mabenchi, pa ulemu ndi pa mitengo ya mavocha, osati pa mpopi. Anyina Diana anatsokomola pang'ono pamenepa, amuna awo osatembenuka.

"N'chifukwa chake mlongoti sitiuyesera pa tsinde, pamene mwiniwake wasesa ndi kupenta," anapitiriza mayiwo. "Timauyesera kumapeto, kwa munthu wooda. Ndinabwera Lachiwiri. Ola loyamba ndinakondwa kwambiri, ndinaimbira foni abwana anga kuwauza kuti mlongoti wa pa Bolero ndi wabwino, tisamange wina. Itangopitirira 10 koloko ndi mphindi zisanu, liwiro linagwa ngati mwala m'chitsime, ndipo linakhala pansi maola anayi. Mlongoti wotero sitingaupatse chipatala."

M'holo munamveka kung'ung'udza. A Harawa anaimirira, anakonza jekete, n'kunena kuti mlongoti wawo sunadwalepo chiubadwire. Anati iwo amatumiza madzi oyera, koma ngati ndowa ya wotunga ndi yobooka, mwini chitsime asanenedwe. Anati sakufuna kuchititsa manyazi wachibale pagulu, koma zipangizo za mlamu wawo n'zotolatola. Dorica anayang'ana pansi. Anthu ena anagwedeza mitu, pakuti zinkamveka.

Mayi Chavula anavomera kuti zimenezo zimachitika, ndipo sangafune kulakwira munthu amene anathira fodya wa zaka zitatu pa chitsulo. Anati njira yodziwira ndi yapafupi. Ngati a Harawa alola, alumikize laputopu yawo ku makina oonetsera pa khoma, onse aone mmene kabokosi kawo kakugawira. Vuto likakhala la NyaMsiska, pangano asainirana lero lomwe.

A Harawa anaganiza mofulumira. Mpopi anautsegula kale Lachiwiri masana, manambala onse ali m'malo mwake. Anayang'ana Hezron, Hezron anagwedeza mutu mwa ukatswiri. Za mayina aja sizinawabwerere n'komwe, pakuti chinthu chimene umachiona tsiku ndi tsiku diso limasiya kuchiona. Anapita kutsogolo akumwetulira, nati munthu woyera saopa dzuwa, ndipo analemba okha nambala yawo yachinsinsi.

Khoma linayera, kenako panatuluka mizere itatu ya zilembo zikuluzikulu, zoti ngakhale wa kumbuyo awerenge. Woyamba unali MFUMU YA MLENGALENGA. Wachiwiri unali WAMPIRA. Wachitatu unali MLAMU WAMATAMA AONE POLEKERA.

Mphunzitsi wina wamkulu anavula magalasi, anawapukuta n'kuwavalanso. Kumbuyo wina ankawerengera mnzake wosadziwa kuwerenga, mokweza, liwu ndi liwu. Kuseka kunayambira kwa amayi n'kufalikira holo yonse. A Harawa anati amenewo ndi macheza a pachilamu, aliyense akudziwa kuti mlamu amasekedwa, koma aone manambala, onse ali bwino.

Mayi Chavula anati manambala a lero alidi bwino. Kenako anadina pena pake pamene Hezron sanafikepo pa miyezi yake inayi ya ku Mzuzu. Anafotokoza kuti kabokosi kotere kamalemba chilichonse chimene mwiniwake wasintha, tsiku lake ndi nthawi yake, ndipo sikadziwa chibale. Pa khoma panatsika mndandanda wautali. Tsiku la msika lililonse kuyambira mwezi wa Meyi linalipo. Pansi penipeni panali Lachiwiri, 10 koloko ndi mphindi zisanu, mzere wa mlamu wamatama utafinyidwa mpaka kutsala dontho.

Kuseka kunatha. Mayi ake a Nelly anaimirira, anayang'ana a Harawa, anakhalanso pansi, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa chipongwe. A Harawa anatembenuka kufuna dokotala wawo. Pa mpando wa Hezron panali kasikuludiraiva kokha, kamene kanagwa pothawa.

"Alamu," anatero Dorica motsitsa mawu, "mayiwa anali atakusankhani kale ali pa benchi panga. Ine ndi amene ndinawauza kuti mlongoti wanu ndi wolimba."

Mayi Chavula anatseka kabuku kawo. Anati chitsulocho chilibe mlandu, n'chabwino ndithu, koma kampani siingaike mpopi wa dera lonse m'manja otere. Imanga mlongoti wake pa bwalo la nyumba yosungiramo katundu ya kopaletivu ya alimi, ndipo woyang'anira mpopi sadzakhala ndi shopu ya mavocha. Onse ofuna kuoda alembetse mayina pa tebulo, mtengo ndi umodzi. A Harawa nawonso ndi olandiridwa, ngati wina aliyense. Anawonjezera kuti za Nelly alemba kalata yochitira umboni kuti kuchedwako sikunali kwake, koma ngati a sukuluyo amve kapena ayi, iwo sangalonjeze.

Anthu anayamba kufola. Dorica analemba woyamba, Owen wachiwiri. A Harawa anatsala ataimirira pakati pa holo, laputopu ili m'manja, mayina aja akadali kuwala pa khoma kumbuyo kwawo. Apa ndi pamene anyina Diana ananyamuka pa mzere wachitatu, anamanga bwino chitenje, anafika pafupi ndi amuna awo, anapinda mawondo mwaulemu wonse, n'kulankhula ndi mawu oti holo yonse imve.

"Awiske Diana, makwerero aja akadali pa chulu pomwe munawasiya. Muvule kaye sutiyo musanakwere. Abakha anga ali ndi ludzu."

Phunziro: Ukakhala mwini mpopi umene anzako amatungapo n'kukagulitsa, pikisana nawo pa ulemu ndi pa ntchito yabwino, mpopiwo usaukhudze. Wofinya wooda wake amayesa akugwetsa mnzake, koma madzi akasiya kutuluka kumapeto, dzina limene limauma ndi la mwini chitsime.